Nsomba Zogulidwa ndi Maso

Makolo a pa Ngala, amene ankakokera makoka awo pamchenga wa kufupi ndi Dwangwa, ankayesa nsomba ndi mimba basi: usipa ndi utaka zinali za pathandala, chambo chinali cha mlendo wolemekezeka, ndipo tinsomba ta mawangamawanga ta m'miyala, timene Atonga amati mbuna, sitinkawerengedwa konse. Koma mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pakuti Azungu, amene anali atazolowera kale kuweta nsomba yotchedwa discus ya ku mtsinje wa Amazon m'mabokosi a galasi, ataona za m'nyanja yathu anazikhumbira, kotero kuti m'zaka za m'ma 1970 mmodzi wa iwo, Stuart Grant, anakhazika malonda ake ku Kambiri, m'boma la Salima, natuma anyamata odziwa kumira kukazigwira zamoyo kuti zikakwere ndege.

Discus ndi mbuna n'zapachibale ndithu, komatu sizigona nyumba imodzi. Discus afuna madzi ofunda kwambiri ndi opepuka monga a mvula, nadyetsa ana ake zoterera za pakhungu lake. Mbuna ifungatira mazira m'kamwa, ifuna madzi olemera ndi mchere wa m'miyala, ndiponso n'njandewu. Wozisakaniza m'galasi limodzi adzataya discus.