Kurt Heegner ndi Nambala Yachikhumi

Mphunzitsi aliyense, kaya wa ku Lirangwe kaya wa ku Chileka, angathe kuyesa pabolodi chodabwitsa chimene Leonhard Euler adachiona m'chaka cha 1772. Tengani n × n − n + 41, ndipo m'malo mwa n muike 1, 2, 3, kufikira 40. Mudzapeza 41, 43, 47, 53, mpaka 1601, ndipo onsewa ndi manambala osagawika ndi ina iliyonse koma 1 ndi iwo eni. Pa 41 mpamene mwambowu uthera.

Gwero lake lili pa 163, ndiye 4 × 41 − 1. Mwa manambala athu a masiku onse, njira yophwanyira nambala m'zidutswa zosagawika ndi imodzi yokha. Koma tikalowetsamo √−5, nambala 6 iphwanyika pawiri: 2 × 3, ndiponso (1 + √−5) × (1 − √−5). Carl Friedrich Gauss, m'buku lake la 1801, adasiya funso limene lero tilinena motere: ndi manambala angati amene, ataikidwa m'malo mwa 5 uja, sabweretsa chisokonezo chotere? Odziwika adali asanu ndi anayi: 1, 2, 3, 7, 11, 19, 43, 67 ndi 163. Mu 1934 Heilbronn ndi Linfoot adatsimikiza kuti ngati ina ilipo, ndi imodzi yokha, yachikhumi.

Amene adaonetsa kuti yachikhumiyo kulibe ndi Kurt Heegner wa ku Berlin, katswiri wa za wailesi, wopanda mpando pa yunivesite. Iye adadzera ku mizere yokhota yotchedwa elliptic curves, yolembedwa y² = x³ + ax + b. Mfundo za pa mzere wotere zimaphatikizika ndi kuchulukitsika ndi 2, 3, 4 monga manambala. Koma ilipo mizere ina yapadera imene ilolanso kuchulukitsa ndi nambala yonga √−163, ndipo pa imeneyi mpamene Heegner adamangapo umboni wake mu 1952.

Akatswiri sadaukhulupirire. Kalembedwe kake kadali kovuta, ndipo adatsamira pa buku la Heinrich Weber limene ena ankalikayikira. Ife tiyesa kuti kusadziwika kwa mwini wake kudathandizanso kuti anthu asauwerenge mofatsa. Heegner adamwalira mu 1965 ntchito yake isanavomerezedwe. Alan Baker mu 1966 ndi Harold Stark mu 1967 adafika pa yankho lomwelo. Pambuyo pake Deuring, Birch ndi Stark yemweyo, pobwerera ku pepala la 1952, adapeza kuti mpata umene udalimo udali waung'ono, wosavuta kutseka. Manambala asanu ndi anayi aja tsopano atchedwa ndi dzina la Heegner.