MicroRNA ndi kufalikira kwa khansa ya m'chiwindi

MicroRNA ndi timamolekyu tating'onoting'ono topezeka m'maselo a thupi. Ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kuletsa kupangidwa kwa mapuloteni ena mogwirizana ndi zosowa za selo. Akatswiri a ku America, a Victor Ambros ndi a Gary Ruvkun, adatulukira ntchito ya timamolekyuti m'chaka cha 1993 pofufuza kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, ndipo m'chaka cha 2024 adalandira mphoto ya Nobel kaamba ka ntchitoyi.

M'chiwindi cha munthu wathanzi, mtundu wochuluka koposa ndi miR-122. Kafukufuku adaonetsa kuti m'zotupa zambiri za khansa ya m'chiwindi mtunduwu umachepa, pomwe wina wotchedwa miR-21 umachuluka n'kufooketsa puloteni ya PTEN yomwe imaletsa maselo kuchulukana mwachisawawa. Zikatere maselo a khansa amasiya kugwirana, amabowola minofu yoyandikana nawo ndi kulowa m'mitsempha ya magazi. Chotupa chikafika pamenepo, opaleshoni siithandiza kwenikweni.

Ngakhale zili choncho, palibe mankhwala ochokera ku microRNA omwe adavomerezedwa kuchiza khansayi. Kuyesera mankhwala otchedwa MRX34 kudaimitsidwa m'chaka cha 2016 odwala ena atadwalika kwambiri nawo. Motero chida chenicheni chomwe dziko la Malawi lili nacho ndi kupewa.

Zina mwa zomwe zimayambitsa khansayi kwambiri mu Africa muno ndi kachilombo ka hepatitis B komanso poizoni wa aflatoxin yemwe amachokera ku chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, chiopsezo chimakula kwambiri. Uchidakwa nawonso umaononga chiwindi.

Dziko lino lidayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda m'chaka cha 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chakachi sadalandire. Akuluakulu otere akuyenera kukayezetsa magazi, poti mankhwala a tenofovir amachepetsa kachilomboka m'thupi.

M'madera monga Mbombwe m'boma la Chiradzulu, komwe mabanja ambiri amadya chimanga cholima ndi kusunga okha, udindo waukulu uli m'manja mwa alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi ndi mafumu. Iwowa akuyenera kuonetsetsa kuti ana akumaliza katemera, zokolola zikuumitsidwa zisanalowe m'nkhokwe kapena m'matumba, ndiponso kuti aliyense wotupa mimba, woonda mosadziwika bwino kapena wa maso achikasu akutumizidwa msanga ku chipatala cha boma cha Chiradzulu.