Msilikali wa ku Zambia: kuchokera ku Tug Argan kufika pa mlatho wa Chongwe

Mayina a misasa ya asilikali ku Zambia ndi achilendo pakamwa. Ku Lusaka kuli Arakan, ku Kabwe kuli Chindwin, ku Ndola kuli Tug Argan, ku Chipata kuli Gondar. Onsewa ndi malo akutali kumene anyamata a kuno anakamenya nkhondo ya mfumu ya ku England. Dzina la kwathu mudzalimva mukafika m'boma la Chongwe, ku msasa wa Mikango.

Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, amuna ambiri a ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, sanagwire mfuti. Anali amtengatenga, osenza ufa ndi zipolopolo kupita kumpoto, kufikira pamene mkulu wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918. Gulu lotchedwa Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa mu 1933. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu Ogasiti 1940, linakumana ndi Ataliyana pa mapiri a Tug Argan ku British Somaliland. Nkhondo imeneyo Angerezi analuza, nathawa pa doko la Berbera, koma dzina linatsala pa chipata cha msasa. Mu 1944 ena anakafika ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumene mvula, matope ndi malungo zinkawasautsa pamodzi ndi Ajapani.

Pobwerera m'pamene panaoneka tsankho. Ndalama yotsanzikira inkawerengedwa pa mwezi uliwonse umene munthu anatumikira: msilikali wamba wachizungu masheleni 10, wachikuda masheleni 3 ndi mapeni 6. Chipolopolo sichinkasankha khungu, koma wolemba malipiro ankasankha. Mwamuna ankafika pamudzi ndi mamendulo, jasi ndi nsapato zolemera, n'kukwatira, n'kugwira khasu. Zaka zake zambiri zinathera m'munda wa chimanga ndi posaka fizi ya ana, ndipo adzukulu anamudziwa ngati agogo odzuka m'bandakucha, osafuna kuona bulangete losapinda.

Ufulu utabwera mu 1964, gululo linasanduka maziko a asilikali a Zambia, ngakhale akuluakulu ake anali adakali azungu mpaka 1970, pamene Kingsley Chinkuli anakhala Mzambia woyamba kulitsogolera. Nkhondo nayo inasintha njira. M'malo moti anyamata aitsatire kutsidya la nyanja, inawapeza pakhomo. Zambia inkasunga omenyera ufulu a ZIPRA a Joshua Nkomo, ndipo boma la azungu ku Rhodesia linkabwezera. Mu Novembala 1979 asilikali a ku Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo, umodzi mwa iyo wa pa mtsinje wa Chongwe, pa Great East Road, m'dziko la Asoli a Mfumu Nkomeshya. Msewu wolumikiza Lusaka ndi Chipata komanso Malawi unaduka. Kenneth Kaunda anaitana onse odziwa mfuti, kuphatikizapo achinyamata amene anadutsa ku Zambia National Service atamaliza sekondale. Pangano la ku Lancaster House linasainidwa pa 21 Disembala chaka chomwecho, nkhondo n'kutha.

Mwambo wokumbukira asilikali mu Novembala umayang'ana kwambiri ku nkhondo ziwiri zazikulu. N'koyenera, koma a ku Burma atsala owerengeka, popeza amene anali ndi zaka 18 mu 1944 anabadwa mu 1926. Ine ndikuona kuti tikuchedwa ndi a 1979. Amene anali ndi zaka 20 nthawi imeneyo adutsa zaka 65, ali m'midzi ndi m'makomboni, ndipo nkhani zawo timazidula kukhala mzere umodzi pamaliro: "anagwirako ntchito ya usilikali." Ngati pakhomo panu pali wotere, khalani nawo pansi adakali ndi mphamvu, muwafunse kumene anali mlatho utagwa, mujambule mawu awo pa foni.