Unga Woyela na Gaga: Mbili ya Thumba la Breakfast

Funsani pa msika wa Soweto kapena pa kantemba kalikonse ku Kanyama kuti unga wabwino ni uti, ambili adzakuuzani kuti ni breakfast. Ni woyela, ni wosalala, ndipo nsima yake sicititsa manyazi pamaso pa alendo. Roller timagula ndalama zikacepa. Koma akatswili a zakudya amakamba zosiyana. Njele ya cimanga ili na khungu, ili na kamtima kamene kamamela ikabyalidwa, ndiye kotsalako ni coyela cija. Mafuta, mavitamini a B, ayironi na zinki zambili zili mu khungu na mu kamtimako. Popanga breakfast, makina amacotsa zimenezi pafupifupi zonse. Zimakhala gaga, ndipo gaga amapita ku nkhuku na nkhumba. Conco timalipila ndalama zambili kuti tigule unga umene wacotsedwa zambili. Niganiza kuti nkhani imeneyi si ya kukoma cabe, ili na mbili yake.

Cimanga ni mlendo kuno. Cinacokela ku America, ndipo cinafika ku Africa na zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Makolo athu ambili anali kudya nsima ya mapila, mawele na cinangwa. Audrey Richards, mzimayi wa ku Britain amene anakhala pakati pa Abemba, anafalitsa buku mu 1939 lofotokoza zakudya zawo, ndipo cakudya cacikulu cimene anapeza kumeneko cinali mawele a m'minda ya citemene. Cimene cinasintha zinthu ni migodi. Migodi ya kopa itatsegulidwa ku Copperbelt cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, amuna masauzande anasiya minda yawo, ndipo makampani anafunika kuwadyetsa. Unga wa cimanga unali wochipa, wosavuta kusunga, wosavuta kupima pa sikelo. Unakhala poso wa wanchito. Mu 1936 boma la atsamunda linayambitsa Maize Control Board, imene inali kuteteza alimi acizungu a m'mbali mwa njanji kuti alimi acikuda asawalande msika.

Pali cinthu cimodzi cimene sicinakwele zombo zija pamodzi na mbewu. Anthu a ku Mexico amaphika cimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipele. Kucita zimenezi kumamasula vitamini yochedwa niacin, imene mu cimanga imakhala yomangika moti thupi silingaitenge. Kumene anthu anadalila cimanga cokha popanda nzelu imeneyi, ku Italy, kum'mwela kwa United States na kuno kum'mwela kwa Africa, kunabuka matenda a pellagra: khungu kuda na kusweka, kutsegula m'mimba, mutu kusokonezeka. Nayenso dokotala Cicely Williams, pogwila nchito ku Accra, anafotokoza mu 1933 za ana otupa miyendo amene anasiya kuyamwa n'kumadya phala la cimanga lokha. Matendawo ndiwo timacha kwashiorkor mpaka lelo.

Titalandila ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linafuna kuti mlimi wa kumudzi nayenso apindule na cimanga, ndiponso kuti wanchito wa m'tauni adye mochipa. Colinga cinali cabwino. NAMBOARD inakhazikitsidwa mu 1969, feteleza anachipa, ndipo patapita zaka zocepa mtengo wogulila cimanga unakhala umodzi dziko lonse, kaya ku Mkushi kapena ku Kaputa. Mlimi wa kudela kumene cinangwa na mawele zimacita bwino anaona kuti mbewu yokhayo imene boma limagula motsimikizika ni cimanga. Mukanakhala inu mukanabyala ciani? M'matauni namo unga wa m'sitolo unachipa kwambili cifukwa ca sabuside, moti ngakhale anthu a kumidzi ena anayamba kugulitsa cimanga cawo n'kumagula wa m'thumba.

Zonsezi zinali kulipilidwa na ndalama za kopa. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, boma linayamba kukongola, ndipo okongoza, makamaka IMF, anati sabuside ya unga icoke. Mu December 1986 boma linayesa njila imene papepala inaoneka yanzelu. Linacotsa sabuside pa breakfast, poganiza kuti ni unga wa anthu opeza bwino, n'kuisiya pa roller. Mtengo wa breakfast unakwela kupitilila kawili. Eni zigayo zikuluzikulu, posadziŵa bwino mmene boma lidzawabwezela ndalama za roller, anathamangila kugaya breakfast, ndipo roller anasoŵa m'masitolo. Wosauka amene anati akumuteteza anapeza kuti unga umene ulipo ni wodula wokhawokha. Ku Kitwe, ku Ndola na matauni ena a ku Copperbelt anthu anaphwanya masitolo, ndipo anthu 15 anafa. Kaunda anabweza mtengo wakale, boma n'kulanda zigayo zikuluzikulu. Pa 1 May 1987 analengeza kuti Zambia yasiya pulogilamu ya IMF.

Koma nkhongole sizinathe. Mu 1989 kunabwela makuponi ogulila unga. Mu June 1990 mtengo unakwelanso kupitilila kawili, ndipo ulendo uno moto unayambila mu Lusaka, ophunzila a pa UNZA na anthu a m'makomboni ali patsogolo. Anafa anthu oposa 20. M'mamaŵa wa pa 30 June, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Zinatha m'maola ocepa cabe, koma anthu anali atatuluka kale m'misewu kukondwela, ndipo aliyense anaona. Mu October 1991 UNIP inagonja pa masankho kwa MMD ya Frederick Chiluba. Andale onse amene anabwela pambuyo anaphunzila phunzilo limodzi: osaseŵela na mtengo wa unga. N'cifukwa cake mpaka lelo gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi limathela pa feteleza wa FISP na pa kugula cimanga kwa FRA. Nyemba, nshawa, kapenta na ndiwo zamasamba zilibe wozikambila mu nyumba ya malamulo, ndipo ine sin'namvepo zakuti boma linagwedezeka cifukwa ca mtengo wa nyemba.

Apa m'pamene zimaniŵaŵa. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa ana 100 alionse osakwanitsa zaka zisanu mu Zambia ni opinimbila, kutanthauza kuti ni afupi poyelekezela na msinkhu wawo. Ambili mwa ana amenewa sagona na njala. Amadya phala m'maŵa, nsima masana, nsima madzulo, mimba n'kukhuta. Cimene cimacepa ni ca m'mbale inayo. M'nyumba imene amagula pamela tsiku na tsiku, ndalama ikatha pa unga, ndiwo zimakhala supu ya tomato na kabici pang'ono, ndipo kupinimbila kocitika mwana asanakwanitse zaka ziŵili n'kovuta kukonza pambuyo pake.

Akatswili anayesako kubwezela zimene zikusoŵa. Poyamba anaganiza zothila vitamini A mu unga, koma unga umagayidwa m'zigayo zing'onozing'ono zambilimbili zimene palibe angaziyang'anile zonse. Shuga ndiye icokela m'mafakitale ocepa, yaikulu ili ku Nakambala, ku Mazabuka. Conco mu 1998 boma linalamula kuti shuga yogulitsidwa m'dziko muno izikhala na vitamini A, ndiye mawu aja mumaona pa paketi. Zimathandiza maso na citetezo ca thupi ca mwana, ngakhale kuti n'zodabwitsa kuti mankhwala tinawabisa m'cinthu cimene madokotala omwewo amatiuza kuti ticepetse.

Mu 2012 anatulutsa mbewu za cimanga ca olenji, cimene cili na vitamini A m'njele mwake. Cinakumana na vuto limene silili mu labu. Amene anaona cilala ca 1992 amakumbukila cimanga ca yelo cocokela kunja, cimene anthu anali kukamba kuti kwawo n'cakudya ca ziŵeto. Kwa iwo nsima ya mtundu wina uliwonse imanunkha njala. Ofalitsa mbewuzo anacita kuphika nsima pa zionetselo za ulimi na kupempha anthu kuti alaŵe, uku akubweleza kuti ici ni ca olenji, si ca yelo cija.