Mabhauwa: nyimbo yomwe idaweruzidwa m'makomponi

Kumpoto kwa tauni ya Shamva, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, kuli Madziwa. Kale kuno kudali mgodi wa nickel wa kampani ya Bindura Nickel Corporation, yomwenso inkayendetsa mgodi wa Trojan ku Bindura. Mgodiwo udatsekedwa, ndipo nyumba zake lero ndi sukulu ya aphunzitsi ya Madziwa Teachers College. Koma chigawo chimenechi chidatulutsanso chuma china chomwe sichidatsekeke: oimba a chamba cha sungura.

Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique ankakhamukira m'migodi ndi m'mafamu a kuno, ena wapansi, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Ambiri adatchona. Ana awo adakulira m'makomponi, akumva Chinyanja pakhomo, Chishona kusukulu, ndi ng'oma za Gule Wamkulu Loweruka ndi Lamlungu. Ena mwa anawa adadzakhala oimba a sungura. Nicholas Zakaria, wa makolo a ku Malawi, adabadwira ku Mazowe mu 1956. John Chibadura adabadwira ku Bindura mu 1957. Alick Macheso, mwana wa bambo wa ku Malawi, adabadwira ku Shamva mu 1968.

Mu 1984 Zakaria ndi anzake adayambitsa gulu la Khiama Boys. Poyamba padalibe amene ankalilabadira, kufikira pomwe lidatulutsa Mabhauwa, nyimbo yomwe adapeka ndi Cephas Karushanga ndipo adaiimba ndi mnyamata wina wosadziwika nthawiyo, System Tazvida.

Masiku amenewo nyimbo yatsopano inkatuluka pa kambale kakang'ono, nyimbo imodzi kuseri, ina kuno. Makampani ngati Gramma Records ankayamba aona mmene kambaleko kayendera asanalole gulu kujambula chimbale chathunthu. Choncho gulu losadziwika linkadalira chiweruzo cha ogula, ndipo ogulawo sadali olemba nkhani a ku Harare. Adali anthu a m'migodi tsiku la malipiro, ogwira ntchito m'mafamu a fodya, makondakitala a mabasi, ndi omvera Radio 2 omwe ankatumiza makalata opempha nyimbo. Ikakoma, ankaibwereza m'bala mpaka usiku. Ikapanda kukoma, palibe ankataya nthawi kuinyoza, inkangofa yokha.

Anthu ophunzira a m'tauni, okonda nyimbo zakunja, ankaiona sungura ngati chamba cha anthu wamba a kumafamu. Chitonzo chimenechi chidali chomwecho chimene ana a matchona ankakumana nacho tsiku ndi tsiku, kutchedwa obwera m'dziko lomwe adabadwiramo. Mabhauwa idapyola zonsezo, idagulidwa kwambiri, ndipo Khiama Boys idadziwika dziko lonse.

Kutchuka kudabweretsa kugawikana. Tazvida adachoka, ndipo mu 1993 adayambitsa Chazezesa Challengers, gulu lomwe adalitsogolera mpaka imfa yake mu 1999. Macheso, katswiri wa gitala ya besi yemwenso adali mu Khiama Boys, naye adadzaima payekha ndi Orchestra Mberikwazvo. Chimbale chake choyamba, Magariro, chidatuluka mu 1998, kenako Vakiridzo mu 1999. Mu 2000 adatulutsa Simbaradzo, momwe muli Mundikumbuke, nyimbo ya m'Chichewa yomwe idavinidwa ngakhale ndi anthu osamva chinenerochi. Zakaria, amene adasula ambiri mwa oimbawa, adapatsidwa dzina loti Senior Lecturer.

Lero sungura imalembedwa m'nyuzipepala ndi kufufuzidwa m'mayunivesite, ndipo Macheso amatchedwa mfumu ya chambachi. Ulemu umenewu udabwera mochedwa, patapita zaka anthu a ku Madziwa, Trojan ndi Shamva atapereka kale chiweruzo chawo ndi ndalama za thukuta lawo.