Anthu a ku Poland: miyambo ndi zobvala zao

Anthu ambiri a m'makomboni a mu Lusaka anadziwira mtundu wa Apolishi ku chalichi. Ansembe a Don Bosco amene ali ku Chawama ndi ku Bauleni anafika muno m'caka ca 1982 kucokera ku Poland. Arkibishopu woyamba wa Lusaka, Adam Kozłowiecki, nayenso anali wa dziko lomwelo. Iye anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, nabwera kuno m'caka ca 1946, ndipo anamwalira mu Lusaka mu 2007 ali kadinala. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, othawa kwao a ku Poland, makamaka azimai ndi ana, anasungidwa m'misasa ku Lusaka, Bwana Mkubwa, Abercorn ndi Fort Jameson, kumene lero ndi Mbala ndi Chipata.

Dziko la Poland lili pakati pa Europe ndipo likulu lake ndi Warsaw. Anthu ake amaposa mamiliyoni 37, ambiri a iwo ndi Akatolika.

Popeza kuno anazolowereka m'mikanjo ya unsembe, ndi owerengeka amene anaonapo zobvala za makolo ao. Za ku Kraków ndizo zochuka koposa. Mkazi amabvala malaya oyera opetedwa, siketi ya maluwamaluwa ndi mikanda yofiira m'khosi. Mwamuna amabvala cisoti cofiira ca ngodya zinai, cosomekedwa nthenga za pikoko. Ku Łowicz masiketi ndi a mizeremizere yowala, pamene amuna a kumapiri a Tatra amabvala mathalauzi oyera a ubweya wa nkhosa.

Cimene alangizi a kuno angacimvetse msanga ndi nkhani ya kumutu. Namwali ankabvala nkhata ya maluwa, wokwatiwa ankamanga duku kapena kubvala kacisoti. Pa ukwati, pakati pa usiku, azimai akuluakulu ankamucotsa mkwatibwi nkhata ija ndi kumubveka cisoti ca okwatiwa, akuimba nyimbo. Mwambowu umachedwa oczepiny. Masiku ano ambiri anausandutsa sewero loponya velo kwa atsikana.

Zobvalazi si za tsiku ndi tsiku. Zimatuluka pa zikondwerero za chalichi ndi za zokolola. Ulemu wake unakula pakati pa 1795 ndi 1918, pamene Russia, Prussia ndi Austria anagawana dzikolo, dzina lake n'kufafanizidwa pa mapu. Cinenero, cipembedzo ndi cobvala zinathandiza kuti mtunduwo usaiwalike.

Mlendo wolemekezeka amalandiridwa ndi buledi ndi mcere. Madzulo a pa 24 December banja limadikira nyenyezi yoyamba lisanadye, limanyemerana mkate wopyapyala wochedwa opłatek, ndipo pathebulo pamasiyidwa mbale imodzi ya mlendo amene angagogode mosayembekezeka.