Chipala cha m'Komboni: Mbiri ya Kusula Chitsulo mu Lusaka

Mwa ntchito zonse za manja zimene anthu a m'dziko la Zambia ndi Malawi anazidziwa Azungu asanafike, panalibe ina yolemekezeka kuposa ya wosula chitsulo. Khasu lolimira, nkhwangwa yodulira mitengo, kasemasema wosemera mtondo, lumo, mpeni ndi mkondo, zonsezi zinatuluka pa chipala chake. Mphunzitsi kapena mnyamata wa sukulu amene afuna kuphunzira kusula lero, angakhale monga ntchito ya pa nthawi yopuma chabe, alowa m'njira yakale kwambiri, ndipo achita bwino akadziwa kumene njirayo inachokera ndi momwe inafikira m'makomboni a Lusaka.

Chitsulo chinatsogola, mzinda unadza pambuyo

Mzinda wa Lusaka ndi wa dzulodzulo. Njanji yochokera ku Livingstone inafika pamalopo m'chaka cha 1905, ndipo siteshoni yaing'ono inatchedwa dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Likulu la Boma la Northern Rhodesia linasamukira kumeneko m'chaka cha 1935. Koma moto wa osula unayaka pa dothi lomwelo zaka zoposa 1,000 njanji isanafike. M'zaka za m'ma 1960 David Phillipson, amene anali kuyang'anira malo a mbiri yakale m'Zambia, anakumba pa Kapwirimbwe, kum'mawa kwa mzinda, napeza mapale a mbiya, tizidutswa ta zipangizo za chitsulo, ndi zotsalira za m'ng'anjo zambirimbiri. Poyesa makala opezeka pamenepo kunadziwika kuti mudziwo unalipo m'zaka za m'ma 400 Ambuye atabadwa. Pa Twickenham Road, m'kati mwa mzinda, panapezekanso mudzi wina wa anthu odziwa chitsulo amene anakhala zaka mazana angapo pambuyo pake.

Kum'mawa, kwa Amaravi, umisiri umenewu unakula kufikira kukhala malonda. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene anayenda ulendo wochokera ku Tete kunka kwa Kazembe m'zaka za 1831 ndi 1832, analemba za Amaravi osungunula mtapo ndi kusula makasu. David Livingstone, pofika kwa Amang'anja ku mapiri a Shire m'chaka cha 1859, anapeza midzi yokhala ndi ng'anjo zake, ootcha makala ake ndi osula ake. Khasu silinali cholimira chokha. Linali chuma chosinthanitsa ndi mchere, mbuzi ndi nsalu.

Ng'anjo ndi chipala

Ntchito ya chitsulo inali ndi magawo awiri, ndipo nkofunika kuwasiyanitsa. Gawo loyamba linali la ng'anjo, kumene mtapo unasanduka chitsulo. Ku Kasungu ndi kwa Aphoka ku mapiri a Nyika, ng'anjo zinaumbidwa ndi dothi la pa chulu, zazitali, ndipo mpweya unalowa wokha pa timipope ta dothi toikidwa m'munsi. Anthu anasanjika makala a mitengo yolimba monga muwanga pamodzi ndi mtapo, ndipo moto unayaka usiku ndi usana. Chitsulo chenicheni chisungunuka pa kutentha kwa madigiri 1,538, kumene ng'anjo zotere sizinali kufikako nthawi zambiri. Chifukwa chake chimene chinatuluka sichinali madzi a chitsulo ai, koma chibuma chokhala ndi mabowo ngati chisa cha chiswe, chosakanizika ndi zonyansa. Ntchito imeneyi inali ndi miyambo yake yoopsa: ng'anjo inamangidwa kutali ndi mudzi, amuna ogwira ntchitoyo anayenera kudzisunga osalowa m'nyumba, ndipo mankhwala anakwiriridwa pansi pa ng'anjo.

Gawo lachiwiri linali la chipala, ndipo ndilo limene lakhala ndi moyo kufikira lero. Pamenepo wosula anatenthetsa chibuma chija, nachimenya pa mwala waukulu kufikira zonyansa zitatuluka, ndipo pambuyo pake anachitambasula kukhala khasu kapena nkhwangwa. Pambali pake panakhala mnyamata, kawirikawiri mwana wa mlongo wake kapena mwana wake, wovukuta mivukuto ya chikopa cha mbuzi. Imeneyi ndiyo inali sukulu ya osula. Mnyamatayo anayamba ndi kutola makala ndi kuvukuta, maso ali pa moto. Atapita miyezi anapatsidwa mbaniro kuti agwire chitsulo. Nyundo inadza potsiriza. Panalibe buku kapena mayeso, koma khasu likathyoka m'munda mudzi wonse unadziwa dzina la amene analisula.

Kuzima kwa ng'anjo

Ng'anjo zinazima pang'onopang'ono m'zaka zoyamba za ulamuliro wa Azungu. Makasu a ku mafakitale a ku Ulaya anadzaza m'masitolo pa mtengo wotsika. Msonkho unakankha amuna kunka ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake ku Copperbelt. Ndiponso zitsulo zotayidwa za ngolo ndi makina zinayamba kupezeka, kotero kuti wosula sanafunenso kuvutika masabata ndi mtapo. Ku Kasungu kusungunula kunatha cha m'ma 1930. Pamene akatswiri monga David Killick ndi Nikolaas van der Merwe anafika kumeneko m'zaka zoyamba za m'ma 1980 kudzafufuza za ng'anjo, anapeza nkhalamba zowerengeka zokha zimene zinaona ntchitoyo zili anyamata.

Mishoni zina zinazindikira ulemu wa ntchito ya manja. Gulu loyamba la Livingstonia la m'chaka cha 1875 linali ndi amisiri a matabwa ndi a chitsulo, ndipo sukulu ya Overtoun imene Dr Robert Laws anaiyamba pa Khondowe m'chaka cha 1894 inaphunzitsa anyamata maumisiri osiyanasiyana pa mapangano a zaka zingapo. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera sukulu za kuno m'chaka cha 1924, linalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa m'mudzi. Mu Lusaka, Boma linatsegula sukulu ya maumisiri m'zaka za m'ma 1930, imene inadziwika ndi dzina la Hodgson, ndipo lero ndi sukulu ya David Kaunda. Komatu chimene Boma linapereka ndi dzanja limodzi linachilanda ndi linzake, pakuti kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 lamulo silinalole munthu wakuda kulembedwa monga wophunzira umisiri m'makampani, popeza ntchito zotere zinasungidwira Azungu. Ana ndi makolo anaona kuti njira ya malipiro abwino inali ya ukalaliki ndi uphunzitsi, ndipo nyundo inayamba kuyesedwa chida cha munthu wolephera sukulu. Maganizo amenewa sanathe konse.

Chipala chilowa m'komboni

Anthu ambiri amene anadza ku Lusaka kudzafuna ntchito anachokera kum'mawa, ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Nyasaland, ndipo nchifukwa chake Chinyanja chinakhala chilankhulo cha m'misika ya likulu. Boma linamanga nyumba za antchito ku Matero kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma sizinakwanire onse. Otsalawo anadzimangira okha pa minda ya eni ake ndi pafupi ndi mokumba miyala, ndipo kotero anakula makomboni a Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga. Ufulu utafika m'chaka cha 1964 anthu anachuluka koposa. Mtendere unayamba m'chaka cha 1967 monga malo opimidwa kumene munthu anapatsidwa puloti kuti amange yekha, ndipo lamulo la m'chaka cha 1974 linatsegula njira yakuti makomboni ena avomerezedwe ndi kukonzedwa, monga kunachitikira ku Chawama ndi ku George ndi thandizo la World Bank.

Nyumba iliyonse ya m'komboni inafuna mbaula yophikira pa makala, ndowa, mpeni, nkhwangwa, ndi khasu lolimira kadimba ka chimanga kuseri kwa nyumba. Malire a ku Rhodesia atatsekedwa m'chaka cha 1973, ndi mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, katundu wa kunja anasowa m'masitolo, ndipo amisiri a m'komboni ndiwo anatseka mpatawo. Mtapo wao unali chitsulo chotayidwa: sipuling'i ya lole inasanduka nkhwangwa ndi chikwanje, mgolo unasanduka mbaula, chidutswa cha chitsulo cholemera chinalowa m'malo mwa mwala wosulirapo, ndipo gudumu la njinga lozungulitsa chopemerera mphepo linalowa m'malo mwa chikopa cha mbuzi. Makampani a Boma atagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, amuna ambiri ochotsedwa ntchito anadza ndi luso la kuwotcherera, ndipo m'mbali mwa misewu monga Alick Nkhata ku Kalingalinga munadzaza mageti, zitseko ndi mafelemu a mawindo. Kuwotcherera ndi magetsi kwakula kuposa kusula, ndipo osula enieni a moto ndi nyundo acheperachepera. Koma kaphunziridwe sikanasinthe: mnyamata ayamba ndi kutumidwa, apenyerera, ndipo chida chimfikira m'manja mbuye wake akaona kuti maso ake akhwima.

Njira ya woyamba

Wofuna kuyamba safuna zida zambiri: dzenje la moto kapena mbaula yakuya, makala olimba, chopemerera mphepo, nyundo yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, mbaniro, chitsulo cholemera chosulirapo ndi ndowa ya madzi. Phunziro loyamba ndi la mitundu ya moto, ndipo nchifukwa chake chipala chikhala pa mthunzi. Chitsulo chikafiira ngati khala chili pa madigiri pafupifupi 800. Chikafika pa mtundu wa lalanje ndi wachikasu, pa madigiri 1,000 kapena kuposapo, chifewa bwino pansi pa nyundo. Chikayera ndi kuyamba kuthetheka chayamba kupsa ndipo chionongeka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mau amenewa ayenera chipala koposa malo ena onse.

Ntchito zoyamba zikhale zazing'ono: kusongola nsonga ya chitsulo, kupinda mbedza yopachikira zinthu, kusula msomali. Mpeni ndi nkhwangwa zidza pambuyo, pakuti zifuna kulimbitsa. Chitsulo cha sipuling'i chili ndi kaboni wokwanira, kotero kuti chikafiira ndi kuviikidwa m'mafuta chiuma gwa. Koma chikasiyidwa chomwecho chithyoka ngati galasi. Wosula achipukuta, nachitenthetsanso pang'onopang'ono kufikira pakamwa pake paoneka mtundu wa udzu wouma, ndipo pamenepo chikhala cholimba koma chosathyoka msanga. Chitsulo chofewa cha mageti sichilimba motere ngakhale chiviikidwe kangati.

Zoopsa ziliponso. Malata ndi mapaipi okutidwa ndi zinki atulutsa utsi wodwalitsa akaikidwa pa moto. Makala oyaka m'chipinda chotseka apha munthu mwakachetechete. Mgolo umene munali petulo uphulika ukayandikira moto. Ndipo chitsulo chakuda chingakhale chikali chotentha. Woyamba asamalenso kumene agula chitsulo chake, pakuti malonda a zitsulo zakale akopa ena kuba zitsulo za njanji ndi zovundikira ngalande za m'misewu, ndipo wogula chakuba agawana mlandu ndi wakuba.

Chimene chikhudza aphunzitsi

Chaka ndi chaka ana ambiri a m'makomboni atsiriza sukulu osapeza malo ku sekondale kapena ku koleji. Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1998, liyang'anira maphunziro a maumisiri ndi mayeso ake, koma mwana safika pa khomo limenelo ngati anaphunzitsidwa kuyambira ali wamng'ono kuti dzanja lakuda ndi makala ndi chizindikiro cha kulephera. Mphunzitsi amene apita kwa wosula wa pafupi ndi sukulu yake tsiku Loweruka, napempha mwaulemu kuti ayambe ndi kuvukuta monga anayambira anyamata akale, aphunzitsa ana ake chinthu chimene choko sichingalembe. Pa phunziro la mbiri angathe kuwauza za Kapwirimbwe, pa sayansi za kutentha ndi kaboni, pa masamu za mtengo wa chitsulo ndi phindu la khasu. Angathenso kuitana wosulayo kuti adzalankhule m'kalasi, ndi kulemba maina a zida ndi machitidwe ake iye akali moyo. Nzeru za ng'anjo zinatsala pang'ono kutayika zonse chifukwa ozilemba anafika mochedwa, eni ake atakalamba. Nzeru za chipala zikadalipo m'Kanyama, m'Chawama ndi m'George, ndipo eni ake akhoza kufunsidwa lero.